David Livingstone, mwana amene ankalumikiza ulusi woduka

Juni wafika, ndipo amene mwadutsa ku Tsoka sabata ino mwaona nokha mmene anthu akulimbiranirana majuzi pa kaunjika. Belo likangotsegulidwa, manja khumi ali kale m'kati. Wina akufuna ya ubweya wa nkhosa weniweni, yolemera ija, yoti ngakhale mphepo ya m'mawa pa depoti ikuwombe bwanji iwe osamva kanthu. Timavala, timatchena, koma ndi angati mwa ife amene anayamba adzifunsapo kuti ulusi wa juzi imeneyi anaupota bwanji, nanga anaupota ndani?

Munthu wa mwezi uno tonse timamudziwa, mwina mpaka kutopa naye. Ku pulayimale tinaloweza kuti anafika pa nyanja yathu mu 1859, kuti ankadana ndi malonda a akapolo, ndiponso kuti mzinda wa Blantyre unatchedwa dzina la kwawo. Mayeso tinakhoza, nkhani n'kuthera pomwepo. Chimene aphunzitsi ambiri sankatiuza n'chakuti bambo ameneyu asanakhale dokotala kapena m'mishonale, anatha zaka 13 ali m'fakitale yopota ulusi. Ntchito ya ulusi ankaidziwa ndi zala zake, ndipo zimene anadzaona ndi kuchita atafika ku Chigwa cha Shire sizimveka bwino ngati sitiyambira m'fakitale muja.

David Livingstone anabadwa pa 19 Malichi 1813 ku Blantyre ya ku Scotland, kamudzi ka m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Musaganize za tawuni. Panali fakitale ya thonje, imene inamangidwa mu 1785, ndi nyumba za antchito ake, basi. Banja lawo linkakhala m'mdadada wotchedwa Shuttle Row, momwe munali mabanja 24, banja lililonse chipinda chimodzi cha mamita pafupifupi 4 m'litali ndi 3 m'lifupi. Kuphika momwemo, kugona momwemo, kuwerenga momwemo. Bambo ake, a Neil Livingstone, ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa masamba a tiyi, geni yosapindula kwenikweni, ndipo anali munthu wolimbikira zopemphera. Mayi ake anali a Agnes Hunter. Ndalama zitavuta, David analowa ntchito pa fakitale ya Henry Monteith ali ndi zaka 10 zokha. Msinkhu wa mwana wa Sitandade 4 kapena 5.

Kuti timvetse ntchito imene anapatsidwa, tibwerere kaye m'mbuyo pang'ono, chifukwa makina amene mwanayu anawapeza anali atangopambana pa mpikisano waukulu.

Thonje lisanatchuke, chuma cha Britain chinali ubweya wa nkhosa. Mpaka lero, m'nyumba ya malamulo ya House of Lords, wotsogolera zokambirana amakhala pa mtsamiro waukulu wodzaza ubweya, pokumbukira kumene ndalama za dzikolo zinachokera. Ubweyawo ankaupota amayi m'makomo, ndi kagudumu kopukusa, ulusi umodzi pa nthawi. Vuto linali lakuti wowomba nsalu mmodzi ankamaliza ulusi wa amayi angapo. Mu 1733 John Kay atapanga kachipangizo kofulumizitsa kuwomba, njala ya ulusi inafika poipa. Owomba ankayenda m'midzi kupemphetsa ulusi. Aliyense wamutu anayamba kuganiza zopanga makina.

Kupota ulusi ndi zinthu ziwiri zokha, kaya ndi thonje kaya ndi ubweya: kukoka tinsinga kuti tiwonde, ndi kutipotokola kuti tigwirane. Ukatero umakulunga. Mkangano wonse wa makina unali pa funso loti zinthu zimenezi uzichite motsatizana bwanji.

Woyamba anali James Hargreaves, mmisiri wosauka wa kufupi ndi Blackburn, amene cha m'ma 1764 anapanga makina otchedwa spinning jenny. Iye anangotengera zimene mayi amachita ndi manja: kukoka uku akupota, kuima, kukulunga, kuyambiranso. Kusiyana kwake n'kwakuti munthu mmodzi ankapota ulusi 8 nthawi imodzi, kenako 16, kenako kuposa apo. Anansi ake ataona kuti ganyu yawo yatha, anathyola nyumba yake n'kuphwanya makinawo, iye n'kuthawira ku Nottingham. Ulusi wa jenny unali wofewa koma wosalimba. Unkayenera kukhala wopingasa pa nsalu, osati wa m'litali umene umakungidwa kwambiri.

Wachiwiri anali Richard Arkwright, amene poyamba anali wometa tsitsi. Makina ake, amene analembetsa ku boma mu 1769, anabwera ndi nzeru ina. Thonje linkadutsa pakati pa timagudumu tiwiritiwiri, tapatsogolo tikuzungulira mofulumira kuposa tam'mbuyo, ndiye thonje lija linkakokeka lokha, kenako n'kupotedwa ndi kukulungidwa osaima. Ulusi wake unali wolimba zedi koma wokhuthala. Makinawo anali olemera moti sakanatheka pakhomo, ankafuna gudumu loyendetsedwa ndi mtsinje, n'chifukwa chake anatchedwa water frame. Fakitale yake ya ku Cromford, ya mu 1771, ndi imene inayambitsa moyo wa belu, wa mashifiti, wa ana pa ntchito. Arkwright anafa mu 1792 ali mponda matiki.

Wachitatu ndi amene ine amandimvetsa chisoni. Samuel Crompton, mnyamata wa ku Bolton, ankapota ndi jenny kunyumba ndipo ankanyansidwa ndi kuduka kwa ulusi wake. Anatha zaka zisanu akukhomakhoma mobisa, ndalama zogulira zitsulo akuzipeza poimba vayolini ku nyumba ya zisudzo. Mu 1779 anatulutsa makina ophatikiza nzeru ziwiri zija: timagudumu ta Arkwright ndi kukoka kwa Hargreaves. Anthu anawatcha mule, kutanthauza nyulu, nyama ija yobadwa kwa bulu ndi kavalo. Ulusi wake unali wowonda komanso wolimba, zimene kale ankazitha ndi amisiri a ku India okha. Koma Crompton analibe ndalama zolembetsera luso lake ku boma. Eni mafakitale anamunyengerera kuti awaonetse makinawo, iwo adzasonkha ndalama. Anaonetsa. Zimene anasonkha zinali mapaundi pafupifupi 60. Mu 1811 anayenda yekha kuwerenga, n'kupeza kuti m'mafakitale munali timitengo topotera ta makina ake toposa 4 miliyoni. Nyumba ya malamulo inamupatsa mapaundi 5,000 mu 1812, ndalamazo zinathera m'mabizinesi osayenda, ndipo anamwalira wosauka mu 1827. Nthawi imeneyo David anali ndi zaka 14, akuthamanga kutsogolo kwa makina a mtundu womwewo.

Ku ubweya wa nkhosa mpikisanowu sunathe ndi wopambana mmodzi, ndipo apa ndi pamene juzi yanu ya ku Tsoka ikulowera. Ubweya uli pawiri. Waufupi amaupalasa ndi maburashi a waya, tinsinga take n'kukhala topingasana, mpweya uli m'kati. Ulusi wake umatuluka wofewa, wofutukuka, wofunda, wa majuzi ndi mabulangete. Ubweya woterewu sufuna kukokedwa ndi timagudumu ta Arkwright, umaduka. Umafuna kukokedwa uku ukupotedwa pang'onopang'ono, ndiye jenny ndi mule ndi amene anaukwanitsa, moti jenny inakhalitsa m'mafakitale a ubweya thonje litaisiya kalekale. Ubweya wautali amaupesa mpaka tinsinga tonse tigone mbali imodzi, tatifupi n'kuchotsedwa. Ulusi wake ndi wosalala, wolimba, wa masuti aja mumawaona pa Capital Hill. Umenewu unagwirizana ndi njira ya Arkwright, ndipo mzinda wa Bradford unalemera nawo. Nkhosa imodzimodzi ikhoza kukupatsa juzi kapena suti, nkhani ili pa mmene ubweya wakonzedwera ndi makina amene aupota.

Tsono ntchito ya David inali yotani? Makina a mule ali ndi chingolo chachitali chokhala ndi timitengo topotera mazanamazana. Chingolocho chimayenda pa njanji, kutuluka mtunda wa mita imodzi ndi theka chikukoka ndi kupota, kenako kubwerera chikukulunga, kangapo pa mphindi iliyonse, tsiku lonse. Ulusi wina umaduka ndithu. Mwana ankayenera kuuona msanga, kuthamangira, kuweramira pa makina akuyenda, kugwira nsonga ziwirizo ndi kuzipotokola ndi zala kuti zilumikizane chingolo chisanabwerere. Akachedwa, ulusi wawonongeka, ndipo wamkulu wa makinawo, amene ankalipidwa potengera kulemera kwa ulusi, sankaseka naye. Ana ankamenyedwa. M'chipindamo ankatenthetsa dala ndi kusunga chinyezi kuti thonje lisamaduke, fumbi la thonje lili kobo, phokoso losamvana. Ntchito inkayamba 6 koloko m'mawa kufika 8 koloko usiku, kupuma kwa kadzutsa ndi nkhomaliro kokha, masiku 6 pa sabata. Olemba mbiri amawerengera kuti mwana wotere ankatha kuyenda makilomita 30 pa tsiku osatuluka m'chipinda. Ndiye ngati mumadabwa kuti munthu anayenda bwanji kuchoka ku Luanda kukafika ku Quelimane, miyendo anaikonzera kumeneko.

Akaweruka 8 koloko, ana ambiri ankangogwa ndi tulo. David ankapita ku sukulu ya usiku ya kampani mpaka 10 koloko, akafika kunyumba n'kupitiriza kuwerenga mpaka pakati pa usiku, pokhapokha mayi ake atamulanda buku. Pa malipiro ake a sabata yoyamba anapatulapo ndalama n'kugula buku la galamala ya Chilatini la Ruddiman. Ali ndi zaka 19 anakwezedwa kukhala woyendetsa makina. Inali ntchito ya mphamvu, chifukwa chingolo chija pobwerera ankachikankha munthu, ndipo iye anali wowonda, koma malipiro anali abwino. Ankaika buku pa makina, akamadutsa n'kuwerenga chiganizo chimodzi, akabweranso china. Atakula analemba kuti zimenezi zinamuphunzitsa kuwerenga ndi kulemba pakati pa phokoso lililonse, ndipo sankadandaula za ubwana wakewo. Ine pamenepa ndimasiyana naye pang'ono. Iye anapulumuka, inde, koma anzake mazana amene analowa naye limodzi anatuluka ndi miyendo yopindika ndi zifuwa zoipa, ambiri osadziwa kulemba dzina lawo. Tisatenge nkhani ya mmodzi n'kuyeretsa nayo fakitale yonse.

Mu 1836 analowa Anderson's College ku Glasgow kuphunzira udokotala. Nyengo yozizira ali m'kalasi, tchuthi chikafika wabwerera pa makina kukasaka fizi. Ankafuna kupita ku China, koma nkhondo ya mu 1839 inatseka njira. Atakumana ndi Robert Moffat, m'mishonale wa ku Kuruman, anasintha maganizo, ndipo bungwe la London Missionary Society linamutumiza kum'mwera kwa Africa, kumene anafika mu 1841.

Zaka zotsatirazi ndidutsapo mwachangu chifukwa mumazidziwa. Mkango unamuthyola mkono ku Mabotsa mu 1844. Anakwatira Mary, mwana wa Moffat, mu 1845. Pa ntchito yotembenuza anthu sanaphule kanthu kwenikweni: wodziwika amene anamubatiza ndi mfumu Sechele ya Bakwena. Kuyambira 1853 mpaka 1856, mothandizidwa ndi amuna amene mfumu Sekeletu ya Makololo inamupatsa, anayenda kukafika ku Luanda, n'kubwerera, kuona mathithi a Mosi-oa-Tunya mu Novembala 1855, mpaka kukatulukira ku Quelimane. Anabwerera kwawo ali katswiri wotchuka, buku lake la mu 1857 likugulidwa ngati zitumbuwa.

Apa ndi pamene ulusi ukubwereranso. Mu 1857 anakalankhula kwa eni mafakitale ku Manchester, ndipo nkhani yake inali thonje. Mafakitale a Britain ankadalira thonje la kum'mwera kwa America, lolimidwa ndi akapolo, amene pofika 1860 anali pafupifupi 4 miliyoni. Livingstone ankadziwa kuti thonje lochuluka limene linkadutsa m'zala za ana ngati iye linathyoledwa ndi anthu akuda okwapulidwa. Ganizo lake linali lakuti Aafirika aufulu akamalima thonje n'kumagulitsa ku Britain, zinthu ziwiri zichitika: mafumu aona kuti munthu ali ndi phindu ali m'munda kuposa atagulitsidwa, ndipo eni akapolo ku America ataya msika. Mtsinje wa Zambezi ukhala msewu wa sitima. Boma linakhulupirira, linamupatsa ndalama, sitima yotchedwa Ma Robert, ndi anthu, kuphatikizapo John Kirk wodziwa za zomera ndi mng'ono wake Charles Livingstone, amene anapatsidwa udindo woona za thonje. Ananyamula mbewu za thonje ndi makina ochotsera njere.

Zambezi anawakana. Mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa, sitima sikanadutsa, ndipo Livingstone pa ulendo woyamba uja anali atawalambalala osawaona. Posowa kolowera, mu Januwale 1859 anakhotera mu Shire. Kunena mosabisa, dziko lathu analipeza chifukwa pulani yoyamba inalephera.

Zimene anapeza kwa Amang'anja zinamudabwitsa. Mbewu za thonje zimene ananyamula zinali zosafunika, chifukwa anthu ankalima kale, pafupifupi banja lililonse lili ndi kamunda kake. Analemba za mitundu ikuluikulu iwiri. Lina ankalitcha thonje manga, lochokera kunja, la tinsinga tatitali, limene ku Manchester analiyamikira kuti likufanana ndi labwino la ku America. Lina linali thonje kaja, lamakolo, la tinsinga tatifupi, limene iye anati ukaligwira limamveka ngati ubweya wa nkhosa. Limeneli njere zake zinali zovuta kuchotsa, komabe anthu ambiri ankalikonda chifukwa nsalu yake inali yolimba. Taonani, mkangano uja wa tinsinga tatitali ndi tatifupi makolo athu ankaudziwa, ndipo anali atasankha malinga ndi zosowa zawo, osati za msika wa kutali.

M'midzi yambiri imene analowa anapeza anthu akupota ndi kuwomba, ndipo ambiri anali amuna, atakhala pabwalo. Munthu wina akanangolemba kuti anthu akupota thonje, basi. Koma uyu anali mmisiri wa ntchitoyo, ndiye anaona sitepe iliyonse. Njere ankachotsa ndi zala, kapena pogudubuza kachitsulo pa kathabwa. Thonje lija ankalikoka kukhala nkhosi yaitali yofewa yosapota. Kenako ankalipota koyamba pa kamtengo kozungulira, n'kukhala lokhuthala ngati chingwe cha kandulo, n'kulikulunga mpira waukulu. Pomaliza ankalibwezanso pa kamtengo kaja kulipota kachiwiri mpaka likhale ulusi wolimba. Masitepe ake ndi omwewo a m'fakitale ya ku Blantyre: kuyeretsa, kukoka, kupota pang'ono, kupota komaliza. Kamtengo kopoterako ndi kamene akale ankakatcha njinga, dzina limene linadzasamukira pa njinga yokwera ija itabwera. Nsalu yake inali machila, yokhuthala, yolimba, imene inkagulitsidwa mpaka kutali m'chigwa cha Zambezi.

Chimene chinamupweteka mtima ndi kuchedwa kwake. Ndipo apa sitingamutsutse. Akatswiri a mbiri ya makina anawerengera kuti kupota thonje lolemera makilogalamu 45 ndi manja, monga ankachitira amisiri a ku India, kunkatenga maola oposa 50,000. Makina oyamba a Crompton ankatenga maola 2,000. Makina a mule oyendera mphamvu ya madzi kapena nthunzi, cha m'ma 1795, maola 300. Richard Roberts atapanga mule yodziyendetsa yokha pakati pa 1825 ndi 1830, inatsika kufika pa 135. Mkulu wa kwa Chibisa, ndi njinga yake m'manja, ankapikisana ndi zimenezo osadziwa.

Tsono funso limene ine limandivuta ndi ili. Pa azungu onse amene anaponda dziko lino m'zaka zimenezo, palibe amene ankadziwa makina opota kuposa Livingstone. Anapeza anthu odziwa thonje, odziwa kupota, odziwa kuwomba, okhala m'mbali mwa mtsinje wa mathithi amphamvu kuposa Clyde. Koma makina amene anabweretsa anali ochotsera njere okha, oti thonje lipakidwe bwino popita ku sitima. M'pulani yake, ife tinali olima, opota anali a ku Manchester ndi Glasgow, ndipo nsalu inkayenera kubwerera kuno kudzagulitsidwa kwa olima aja. Sindikunena kuti anali ndi mtima woipa. Chimene chinkamuwotcha mumtima chinali goli la akapolo, ndipo ankafuna njira yachangu yokopera anthu a ndalama kwawo. Eni mafakitale sakanapereka ndalama zoti akamange opikisana nawo ku Shire. Komabe dongosolo limene anajambula, lotumiza zosakonza n'kugula zokonzakonza, ndi lomwe tikulimbana nalo mpaka lero.

Ngakhale pulani yochepayo sinatheke. Anafika ku nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859 ndi ku nyanja ya Malawi mu Sepitembala, n'kulemba makalata okometsera dzikoli mopitirira. Amishonale a UMCA, motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, anabwera mu 1861 atamva zimenezo. Mu Julayi chaka chomwecho, pa mudzi wa Mbame, anakumana ndi gulu la akapolo 84 n'kuwamasula, ndipo anthu amenewa ndi amene anayamba nawo mishoni ya Magomero. Koma anapezeka alowa m'nkhondo za Ayao ndi Amang'anja zimene sankazimvetsa. Mackenzie anafa ndi malungo mu Januwale 1862. Kenako kunagwa chilala choopsa cha 1862 ndi 1863, pamwamba pa nkhondo ndi kugwidwa kwa anthu. Livingstone atakweranso Shire kumayambiriro kwa 1863, mitembo inkayandama mumtsinje, midzi ija ya opota thonje ili zii. Choipa kwambiri n'chakuti ogula akapolo ochokera ku Tete anatsata njira yomwe iye anatsegula. Nthawi yomweyo ku America kunali nkhondo yapachiweniweni, thonje linasowa, mafakitale a ku Lancashire anatseka, antchito ali pa njala. Msika umene ankaulota unali pompo, mtengo uli m'mwamba, koma Shire analibe choti atumize. Boma la Britain linamuitanitsa mu 1863.

Kunyumba kwake nako sikunali bwino, ndipo izi m'mabuku a sukulu mulibe. Mary anatha zaka zinayi ku Britain yekha ndi ana, akusamukasamuka, ndalama zosakwana, mwamuna ali m'tchire. Atamutsatira ku Zambezi anangokhala miyezi itatu, n'kumwalira ndi malungo ku Shupanga pa 27 Epulo 1862, ali ndi zaka 41. Mwana wawo woyamba, Robert, amene anakula osawadziwa bwino bambo ake, anakapezeka ku America, n'kulowa usilikali wa mbali yolimbana ndi eni akapolo pogwiritsa ntchito dzina lina. Anavulala, anagwidwa, ndipo anafera m'ndende ya asilikali ku North Carolina mu Disembala 1864 ali ndi zaka 18. Anzake a pa ulendo nawonso anamuona kuuma mtima: Thomas Baines anamuchotsa ntchito pomunamizira kuba popanda umboni wogwirika, ndipo Kirk, amene ankamulemekeza, analemba m'buku lake kuti nthawi zina mtsogoleri wawoyo ankachita ngati mutu sukuyenda bwino.

Ulendo wake womaliza unayamba mu 1866, wofufuza gwero la Nile. Ife a ku Lilongwe utikhudze pang'ono: chakumapeto kwa chaka chimenecho, atazungulira kum'mwera kwa nyanja n'kukwera mapiri, anawoloka Diamphwe, anadutsa m'mbali mwa Dzalanyama, n'kukawoloka Bua polowera ku Luangwa. Kunalibe Area 3, kunalibe City Centre, kunali midzi ya Achewa, ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndi mantha a nkhondo za Angoni. Ndalama yake pa ulendo wonsewo inali nsalu. Ufa, nkhuku, wopalasa bwato, msonkho wa mfumu, zonse ankalipira ndi mikono ya nsalu yopotedwa ndi makina, ndipo nsalu ikatha ankasanduka wopemphapempha. Henry Morton Stanley atamupeza ku Ujiji mu 1871, chachikulu chimene anamupatsa, kuwonjezera pa mankhwala, anali mabelo a nsalu ndi mikanda.

Anamwalira pa 1 Meyi 1873 m'mudzi wa Chitambo, ku Zambia ya lero. Anyamata ake, motsogozedwa ndi Abdullah Susi ndi James Chuma, Myao amene anamasulidwa ku ukapolo ali mwana mu 1861, anakwirira mtima wake pansi pa mtengo wa muula. Thupi analiumika ndi mchere padzuwa, analikulunga m'nsalu, n'kuliika m'khungwa la mtengo. Atafika dera lina kumene anthu sankalola kuti maliro adutse, analimanganso kuti lioneke ngati belo la nsalu zamalonda, n'kudutsa nalo. Anayenda miyezi 9 mpaka ku Bagamoyo. Anaikidwa ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874.

Nanga mpikisano wa makina uja unatha bwanji? Mule, imene inagonjetsa jenny ndi water frame, nayonso inadzagonja. Mu 1828 John Thorp wa ku America anapanga njira ina, yoti ulusi uzidutsa pa kawaya kothamanga mozungulira mphete, kupota ndi kukulunga nthawi imodzi osaima. Sinkafuna chingolo, sinkafuna malo aakulu, sinkafuna mmisiri wa zaka zambiri. Amisiri a mule ku Britain anali amuna olipidwa bwino, a mabungwe amphamvu, ndipo dzikolo linakakamira makina awo mpaka m'zaka za m'ma 1900, pamene America, Japan ndi India anali atatenga njira ya mphete. Lero ulusi wambiri padziko umapotedwa ndi mphete, wina ndi makina othamanga kwambiri amene anatulukira ku Czechoslovakia m'ma 1960. Mule yatsalira m'mafakitale ochepa a ubweya wofewa wodula, ku Scotland ndi ku Italy, chifukwa pa ubweya waufupi uja palibe makina amene amaugwira mofatsa kuposa iyo.

Kuno kwathu njinga ya makolo sinagonje ndi fakitale ya pafupi. Inagonja ndi belo. Nsalu yoyera ya merikani, yochokera ku America kudzera ku Zanzibar, ndi nsalu za ku Manchester ndi Bombay zinadzaza m'masitolo, ndipo munthu sakanathanso milungu akupota chimene angagule ndi ndalama ya thonje losapota. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876 pokumbukira kamudzi ka fakitale kaja. Atsamunda analimbikitsa ulimi wa thonje ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Salima ndi Karonga, lonse lotumiza kunja. Fakitale yaikulu yopota ndi kuwomba, David Whitehead and Sons, inatsegulidwa ku Blantyre yathuyi mu 1967, patatha zaka 108 chifikireni mmisiri wa mule uja kwa Chibisa. Inalemba ntchito anthu masauzande, ndipo makolo athu ambiri yunifolomu ndi zitenje zawo zinachokera kumeneko. Msika utatsegulidwa m'ma 1990, kaunjika ndi nsalu zotchipa za kunja zinaifooketsa, mpaka boma linaigulitsa kwa Mapeto mu 2003. Mukalowa m'masitolo a nsalu ku Area 2, kapena mukaima pa khonde pamene atelala akusoka, funsani kuti mpukutu uwu wachokera kuti. Ulusi umene amayi amalukira zipewa ndi masokosi a makanda, uja timangouti wulu, wambiri si wa nkhosa n'komwe, ndi wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi.

Fakitale ya ku Blantyre ya ku Scotland nayo inatseka mu 1904, ndipo nyumba zambiri za antchito zinagwetsedwa. Shuttle Row inapulumuka chifukwa anthu anasonkha ndalama, ana a Sande sukulu ali m'gulu la osonkhawo, ndipo mu 1929 inatsegulidwa ngati nyumba yosungiramo mbiri yake. Chipinda chija cha mamita 4 ndi 3 chilipobe.